Msinkhu wa Cheila

Nampula, 6 Agosto 2023

Baba,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wanga Cheila. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya kusitolo ya nsalu ikuyenda. Ndapatsira Abílio, woyendetsa kamyau, lole ija ya nyemba, sopo, shuga ndi juzi ya Cheila, popeza ndikudziwa kuti ku Lichinga kuzizira sikunathe. Ndikulemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "eeh, eeh" ngakhale simunamve kanthu, kenako mumadula.

Nkhani ndi iyi. Chaka chamawa Cheila asintha shikola, azipita ku Sanjala. Ndiye kuti tsiku lililonse azidutsa msewu waukulu uja wa pafupi ndi nyumba yathu, popita ndi pobwera, ali yekha. Sabata yathayi, pakhomo penipeni pa sitolo yathu, mota, njinga yamoto, inagunda kamtsikana ka msinkhu wake kakuchokera kushikola. Sikanafe, koma mwendo unathyoka pawiri. Amene anatola kachikwama kake ka mabuku ndine.

Ndinamulonjeza Cheila njinga akakhoza mayeso. Tsopano mtima uli pawiri. Kapena atsale kwa inu ndimutumizire njingayo, kapena mu Dezembro ndidzamutenge azikhala kuno, kumene shikola ili kuseri kwa nyumba ndipo palibe msewu wowoloka. Ndikudziwa kuti chimwalirireni Amama, munthu amene mumadya naye mbale imodzi ndi Cheila yekha. Sindikufuna kukulandani. Koma ndiuzeni za msewuwo, mwana angawoloke kapena ayi?

Baba, ndikufuna zoona. Osati zija za chaka chatha, munandilembera kuti mukudwala mwakayakaya, ine n'kukwera sitima usiku ndi usana, n'kukupezani muli padenga mukukhoma malata.

Mwana wanu,
Tausi

Namacula, Lichinga, 20 Agosto 2023

Tausi mwanangu,

Waleikum salaam. Ife tili moyo. Mawondo okha ndi amene anatsogola kale kumanda, ena tonsefe tikadali pano. Sopo wafika, juzi yafika, shuga wafikanso ngakhale akuoneka kuti waonda m'njira. Abílio ndamuyang'ana m'kamwa, umboni sindinaupeze.

Za padenga zija usazikumbutse. Ndinkadwaladi, koma denga linkadwala kuposa ine.

Wati ndikuuze zoona. Zoona sindimasunga m'nyumba, ndiye ndinapita kukazitenga kumsewu komweko. Ukudziwa kuti zaka makumi atatu ndinali wowerenga matumba ku arimazeni, nyumba yosungiramo nyemba. Thumba likalowa, nyemba imodzi m'chitini. Aluya anga, eni arimazeniyo, ankabwera ndi mabuku awo ndi magalasi awo, koma tikasiyana manambala ankawerenganso iwo, osati ine. Ndachita chimodzimodzi ndi msewu wako.

Ndinatenga zitini zitatu. Kamyau kapena shapa, minibasi ija, ikadutsa, nyemba yofiira. Mota ikadutsa, nyemba yoyera. Njinga, njere ya chimanga, chifukwa nyemba za mtundu wachitatu ndinalibe, ndiye ndinangotonola chimanga chimodzi mwa zija za mbewu zopachika patsindwi. Ndinakhala pangodya ya kamunda kathu, pomwe kanjira ka kwathu kakumana ndi msewu, nthawi imene ana amapita kushikola, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Mayi wina anaima n'kufunsa kuti nyembazo ndikugulitsa bwanji. Ndinamuuza kuti mayi, awa ndi magalimoto. Tsopano akamadutsa amalambalala.

Zofiira zimakwana 38 m'mawa umodzi, tsiku la msika 51. Zoyera zimapitirira 140. Za njinga sindikuuza nambala yeniyeni, chifukwa Lachitatu nditatembenuka kupereka moni, tambala wa Dona Deolinda, mnansi wathu uja, anadya njinga zonse za tsikulo.

Koma kuchuluka kwa magalimoto si nkhani. Nkhani ndi yakuti munthu amaiona galimoto ili kuti, ndipo imatenga nthawi yaitali bwanji kuti imufike. Ndiye ndinayezanso izi. Msewu m'lifupi mwake ndi mapazi anga 11, a Cheila 17. Tinabwereka njinga kuti awoloke akukankha, ine ndikuwerenga. Amafika tsidya lina ndili pa 10. Kumunsi, kolowera kumsika, msewu ndi wowongoka, ngakhale mbuzi umaiona ili kutali. Kumtunda ndi kumene kuli khona, pa bulugamu wamkulu uja. Ukaima pangodya pathu bulugamuyo umamuona kuyambira kutsinde. Kamyau ikatulukira pamenepo ndimawerenga mpaka 22 isanandifike. Mota ya wopenga weniweni, amene anasiya nzeru kunyumba, 14. Tsono 14 kuchotsapo 10 kutsala 4. Ndinalekezera kalasi yachinayi ya Apwitikizi, koma samu iyi sindifuna wondithandiza.

Lamulo ndamupatsa. Aime pangodya, ayang'ane kumunsi, ayang'ane bulugamu, ngati palibe chatulukira awoloke akukankha, osakwera. Walinena pamtima kasanu, kachisanu ndi chimodzi wandiuza kuti ndatopetsa.

Tumiza njinga, mwana asachoke. Sindikunena chifukwa cha ine ayi, ine ndimakhala bwino ndekha, wailesi imandiyankhula tsiku lonse ndipo sipempha ndiwo. Koma ku Nampula kwanuko kumatentha, mwana wa kumapiri angasungunuke.

Bambo wako,
Swalehe

Nampula, 3 Dezembro 2023

Baba,

Salaam aleikum. Muli bwanji, nanga mawondo? Ndamva kuti Cheila wakhoza, Alhamdulillah.

Kalata yanu ya nyemba ndakhala nayo miyezi itatu. Ndinaiwerenga kambirimbiri kufunafuna pomwe mwabisa nthabwala, ndipo kupatula tambala sindinaipeze. Ndinafunsa Abílio ngati munakhaladi pamsewu sabata yonse. Akuti anakuonani ndi maso ake, ndipo kamyau yake munaiponyera nyemba ziwiri chifukwa akuti imachita phokoso la magalimoto awiri.

Chabwino. Njinga ili pamwamba pa katundu wa Abílio, yobiriwira, ya belu. Chishalo muchitsitse mpaka mapazi ake azifika pansi onse awiri. Asanyamule mnzake kumbuyo.

Koma Baba, mumve bwino. Ndikangomva kanthu kamodzi kokha, ndibwera kudzamutenga, ndipo sitidzakambirananso.

Tausi

Namacula, 17 Dezembro 2023

Tausi mwanangu,

Salaam. Njinga yafika yamoyo. Belu lalira masiku anayi osapuma, nkhuku za Dona Deolinda zasiya kuikira, ndipo mlandu uli pa ine. Chishalo ndatsitsa. Ndinayesa kukwerapo kuti ndione ngati ndi yolimba, mawondo anafika m'makutu. Paja anthu a Namacula sananditchule Mlongoti pachabe.

M'mawa uliwonse timapita pangodya kukayeseza. Amaima, amayang'ana, amakankha. Akufika tsidya lina ndili pa 9 tsopano. Pofika Fevereiro, shikola ikamatsegula, aziwoloka ndisanatsegule pakamwa.

Mvula inabwera bwino kumapeto kwa Novembro. Kamunda ka m'mbali mwa msewu ndabzala chimanga konse, chaka chino mpaka m'mphepete mwa ngalande, mizere isanu kuchokera pangodya kulowera ku bulugamu. Zaka zonsezi ndinkasiya danga kutsogoloko, pankamera udzu wa boma, ndipo boma silinabwerepo kudzathokoza. Ndathira manyowa a nkhunda zanga. Mbewu ndi ija ya amayi ako, yoyera ya njere zazikulu, imene anabwera nayo kuchokera kwao ku Meponda atamanga pa nsalu ya kapulana tsiku lomwe ndinawakwatira. Anthu akuti ndigule ya m'sitolo yocha msanga. Ine ndati iyi yatidyetsa zaka 46, inadutsa nafe nkhondo, ilibe mlandu. Ndabzala yonse, patsindwi sipanatsale kanthu. Chamera ngati asilikali. Mu Março ndidzakutumizira chachiwisi, ukawaonetse a ku Nampula kuti chimanga chimaoneka bwanji.

Bambo wako,
Swalehe

Namacula, 9 Fevereiro 2024

Tausi mwanangu,

Salaam. Tili bwino, usayambe kulira usanamalize kuwerenga.

Dzulo Lachinayi njinga yako inakumana ndi mota pangodya paja. Sizinagwirizane. Tayala lakutsogolo lapindika, Cheila anakakhala m'ngalande, wasupuka chigongono. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono, amupaka mankhwala ofiira, akuti fupa lili bwino. Madzulo wadya mbale ziwiri. Wamotayo sanaime, ndipo nambala yake sindinaione chifukwa ndinali kunyumba ndikumwa tiyi.

Ndinapita pangodyapo kukaima. Bulugamu ali pomwe ndinamusiya, akuoneka bwinobwino. Ndiye samu yanga ilibe vuto. Mwanayu anafulumira, sanayang'ane, basi. Iye akukana, akuti anayang'ana. Ana a masiku ano amayang'ana ndi khosi, maso ali kwina. Ndamubwerezetsa lamulo kakhumi.

Kalatayi ndikupatsira Abílio, anyamuka mawa.

Swalehe

Namacula, 13 Fevereiro 2024

Amama,

Muli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Kalatayi ndalemba papepala la m'kope ndipo Dona Deolinda aijambula pafoni yawo kuti ifike lero. Ambuje sakudziwa.

Shikola yatsopano ndi yabwino. Purufesora wotiphunzitsa ndi wamkazi, ali ndi nsapato zolira.

Amama, njinga yafa. Lachinayi ndinaima pangodya monga anandiuzira Ambuje. Kumunsi kunalibe kanthu. Kumtunda sindinaone kanthu. Ndinayamba kukankha, mota inangotulukira pafupi ngati yachokera pansi. Inamenya tayala, ine ndinagwera m'ngalande ndi mabuku omwe. Chigongono chikuwawa ndikapinda. Munthuyo anatukwana n'kupita.

Ambuje akuti sindinayang'ane bulugamu. Ndinayang'ana Amama, koma bulugamu kulibe. Ndinawauza, iwo akuti bulugamu alibe miyendo. Ndikanena kachiwiri amayamba kuseka, amati mwina anapita ku Meponda kukagula usipa.

Tsopano ndikupita wapansi. Pangodya ndimamvetsera ndi makutu kenako ndimathamanga kwambiri.

Musawakalipire Ambuje. Amandiphikira mbatata m'mawa ndisanadzuke.

Ndine mwana wanu,
Cheila

Nampula, 14 Fevereiro 2024

Baba,

Iyi ikudzera pafoni ya Dona Deolinda, akuwerengereni mokweza, ndipo kaya anansi amva zilibe kanthu.

Mwana wanga anagundidwa Lachinayi. Lero ndi Lachitatu. Masiku asanu ndi limodzi inu muli chete, ine n'kumva kwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amene akulemba mobisa. Mumafuna ndidzamve liti? Pamaliro?

Akuti pangodya amamvetsera ndi makutu kenako amathamanga. Mwamva zimenezo, Baba? Ndiyo samu yanu ija ya 14 kuchotsapo 10? Ndinakupemphani zoona, munandipatsa nyemba ndi tambala. Wolakwa ndine, ndinaiwala kuti ndinu ndani.

Kuyambira mawa asawolokenso yekha. Abwana andilola kuchoka pa 9 Março, Ramadhani isanayambe. Ndikubwera kudzamutenga. Mumuchapire zovala, mukatenge ndi mapepala ake kushikola.

Tausi

Namacula, 25 Fevereiro 2024

Tausi mwanangu,

Salaam aleikum. Iyi ndalola kuti Dona Deolinda aijambule pafoni, ngakhale ndikudziwa kuti chimene chalowa m'foni imeneyo chimafika kumsika chisanafike ku Nampula. Kalata yako anaiwerenga ataima pakhonde, ndi mawu a mlaliki. Mawu akuti "pamaliro" anawabwereza kawiri kuti a kuseri amve.

Sindinakhale chete. Ndinalemba tsiku lotsatira lomwelo. Kalatayo ili m'thumba la Abílio, Abílio ali pansi pa kamyau yake ku Cuamba akudikira chitsulo chochokera kutali. Ikadzafika usaiwerenge, uyatsire mbaula. Muli bodza, ngakhale polemba sindinkadziwa.

Tamva zimene zachitika. Utandinyoza nyemba zanga ndinakwiya, ndinati ndiyezanso kuti ndikutseke pakamwa ndi manambala. Lolemba ndinatenga chitini cha zoyera ndi kupita pangodya ndi Cheila. Ndinaloza.

"Uyo bulugamu. Wabwera liti kuchokera ku Meponda?"

"Ambuje, sindikumuona."

"Tsegula maso, iwe."

"Ndatsegula. Kulibe."

"Ukufuna ndikamubweretse pano akupatse moni?"

Ananyamula chikwama, ndinamuwolotsa, anapita. Pobwerera pangodya ndinapunthwa, chitini chinagwa, nyemba mbwee panjira. Tambala uja anali pafupi akundiyang'ana ngati wachibale. Ndiye ndinagwada, ine amene ndimaswali nditakhala pampando chifukwa cha mawondo. Nditatola pang'ono ndinamva kulira kwa kamyau, ndinadzutsa mutu kuyang'ana kumtunda.

Tausi, bulugamu kunalibe.

Kunali chimanga. Masamba okhaokha, obiriwira bwino, kuchokera pamphuno panga mpaka kumwamba. Kamyau ndinkaimva koma osaiona. Itatulukira kuseri kwa mzere womaliza ndinawerenga mwachizolowezi. Ndinafika pa 3.

Ndinakhala chogwada pamenepo nthawi yaitali, theka chifukwa choganiza, theka chifukwa mawondo anakana kundidzutsa. Anandidzutsa ndi Dona Deolinda.

"Che Swalehe, mwayamba kuswali pamsewu? Kibula, koyang'ana poswali, si uko."

"Dona, tagwadani apa."

"Ine? Pa ukalamba uno mukufuna mundifunsire?"

"Gwadani muone chinthu."

Anagwada, anayang'ana, anangoti, "Mayi wanga ine."

Cholakwa changa ndi ichi, ndikulemba poyera kuti usavutike kufunafuna. Ndinayeza msewu mu Agosto, munda uli mbee. Ndinayeza ndi maso anga, amene ali pamwamba pa mlongoti. Kamundako ndi kotsika pang'ono, ndiye ngayaye zimandifika pachibwano, ine ndimaona pamwamba pake. Cheila maso ake amandifika pa batani lachitatu la malaya. Ku arimazeni thumba linali thumba, kaya mu Agosto kaya mu Fevereiro, kaya wowerenga ndi wamtali kaya wamfupi. Sindinaganize kuti msewu umasintha ndi mvula. Ndipo chimene chinabisa mota si cha boma, si cha mnansi. Ndinachibzala ndekha, ndinachithira manyowa ndekha, n'kukulembera kudzitama. Mwana ananena zoona masiku khumi, ine ndikumuseka.

Chimangacho chinali chitangotulutsa ndevu. Chikanafuna masabata atatu kuti tidye chachiwisi, miyezi iwiri kuti chiume tisunge mbewu. Ndinaganiza zodula mizere iwiri yakutsogolo. Ndinadula, ndinagwada, bulugamu kulibe. Ndinadula wachitatu, ndinagwada, ndinaona nthambi zokha. Mota siyenda m'nthambi. Pofika masana mizere yonse isanu inali pansi.

Anthu anasonkhana. Wina anati Mlongoti wapenga, wina anati ayi anapenga kale, lero wangopeza chikwanje. Mkulu wina wa kumzikiti anandigwira dzanja, anati kudula chakudya chisanache ndi kunyoza Mulungu amene wapereka mvula. Ndinamuuza kuti agwade. Anakana chifukwa cha mkanjo woyera. Mbuzi za Dona Deolinda zadya mbewu ya amayi ako masiku atatu, ndipo zikuyenda monyada.

Cheila pobwera kushikola anaima pangodya, anayang'ana bulugamu, anati, "Ambuje, wabwera." Ndinati inde, usipa unali wodula.

Sindinalekere pomwepo. Ndadula nsungwi, ndaika chizindikiro pamene pafika maso ake. Ndayenda nayo njira yonse mpaka pachipata cha shikola, paliponse pamene mwana amadutsa kapena kukhota ndimawerama mpaka diso lifike pachizindikiro. Ana a ku Sanjala akunditsatira pambuyo akuwerama nawonso, akuganiza kuti ndi gule watsopano. Ndapeza malo ena awiri. Oyamba ndi mpanda waudzu wa Dona Deolinda, pomwe kanjira kawo kalowa mumsewu. Waudula mkono umodzi, popeza mbuzi zake zinali zitadya kale malipiro. Achiwiri ndi pafupi ndi msika, pomwe makamyau amaima kutsitsa katundu. Pamenepo mwana saona kanthu mpaka atatulutsa mutu, ndipo kamyau sindingaidule ndi chikwanje. Ndikumuperekeza mpaka kudutsa pamenepo m'mawa uliwonse, masana ndimakamudikira. Ndikadzadwala sindikudziwa kuti adzachita ndani. Dona Deolinda akuti iye, koma iye amachedwa ngakhale ku maliro.

Pangodya pathu, nditagwada, mota ya wopenga ikufika pa 13. Osati 14. Uzidziwa.

Ndiye zoona ndi zimenezo, zonse. Sindikukuuza kuti msewu uli bwino, ndinanena kale kamodzi. Zovala zake ndachapa. Mapepala a kushikola akuti ndikatenge Lachisanu. Ukabwera kudzamutenga sindikutsekereza pakhomo.

Bambo wako,
Swalehe

Nampula, 29 Fevereiro 2024

Baba,

Waleikum salaam. Kalata yanu ndaiona. Dona Deolinda anatumizanso chithunzi cha kamunda. Ndinachikuza ndi zala kufuna kuona ngati mwasiyako phesi ngakhale limodzi. Simunasiye.

Abílio wafika dzulo, wakuda ndi mafuta, ndi kalata ija ya pa 9. Ndaiwerenga, simungandiletse. Munalembadi tsiku lotsatira. Pamenepo ndinakunamizirani, mundikhululukire. Zina zonse zimene ndinanena sindikubweza.

Ndikukumbukira chaka cha njala, Amama akubisa chimanga chimenecho m'chitini cha palafini kuti tisachidye, ife tikugona ndi masamba a maungu. Ndinali ndi zaka za Cheila. Sindikudziwa choti ndikuuzeni pa zimenezi.

Pa 9 Março ndibwerabe. Mapepala a kushikola muyambe mwawasiya. Ndikufuna ndikagwade ndekha pangodyapo, ndiyende ndi nsungwi yanuyo mpaka ku Sanjala, ndione pamsika paja ndi maso anga. Ndikatero ndidzanena. Musandikonzere nthabwala, sindidzaseka.

Mwana wanu,
Tausi

Namacula, 24 Março 2024

Tausi mwanangu,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira unafika bwino ndipo swaumu ya Ramadhani ikuyenda. Kapulana yako ija unagwada nayo m'matope waiiwala pachingwe. Anthu a Namacula akufunsabe kuti banja la Che Swalehe lili ndi chipembedzo chanji chogwadira bulugamu. Sindinawayankhe, ndikufuna ndione ngati ena alowe.

Malamulo ako onse tikusunga. Njinga ili patsindwi, tayala lawongoledwa koma siitsika mpaka udzanene iwe. Pamsika sadutsanso, akuzungulira njira ya kuseri imene unapeza ija, ngakhale akudandaula kuti ndi yaitali ndipo kuli galu wamwano. Pangodya ndimamuwolotsa ine, ndipo ana ena anayi a kuno ayamba kudikira pomwepo kuti tiwolokere limodzi. Sindinawaitane. Pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndizitenga nsungwi ndi kuyenda njira yonse, mvula kaya dzuwa, ndi kukulembera zimene ndaona. Wati ukadzapeza nthabwala m'kalata imeneyo udzabwera ndi chikwama chachikulu. Ndamva. Nthabwala ndizilemba papepala lina.

Unanyamuka osanena kuti mwana watsala chifukwa chiyani, ine sindinafunse. Tsiku lija pokwerera sitima ndinali ndi chimfine, usaganize zina.

M'kamunda ndabzala nyemba, zazifupi, zofika m'kakolo. Ngakhale nyerere ikuona bulugamu.

Dzulo Cheila amasesa pashelefu, anatsitsa zitini zanga zija. Cha zofiira, cha zoyera, ndi chachitatu chimene sindinachitsegule chichokereni Agosto. Anachigwedeza, anati, "Ambuje, njinga zanu izi ndikazipatse nkhunda?" Ndinamulanda ngati wagwira moto. Ndi njere zija ndinatonola patsindwi, za amayi ako, njinga za Lachisanu zimene tambala sanazipeze. Tinaziwerenga pamphasa kawiri. Zilipo 57, zitatu zafumbwa.

Ndazithira phulusa, ndatseka, ndapachika pafupi ndi njinga. Mu Novembro tidzabzala kuseri kwa nyumba, kumene kulibe chodutsa koma tambala. Za iyeyo ndikukambirana ndi Dona Deolinda, popeza Idi ili pafupi.

Ndamuyezanso mwana pansungwi. Chizindikiro chakwera chala chimodzi.

Bambo wako,
Swalehe